Ulemu kwa BCL11A, Puloteni Yosafunsa Chifukwa

Mwa mapuloteni onse olamulira majini, omwe ndi malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA, palibe yoyenera ulemu kuposa BCL11A, pakuti pamene anzake amatchuka ndi kudzutsa majini, iyo inasankha ntchito yonyozeka yowatseka, ndipo imaigwira ngati mlonda amene anauzidwa kamodzi kokha kuti chipata chisatsegulidwe.

Khama lake limaonekera m'mafuta a m'mafupa, momwe mumapangidwa maselo ofiira a magazi pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi iliyonse. Mwana akali m'mimba, maselo ake ofiira amanyamula himogulobini F, puloteni imene imakoka okosijeni mwamphamvu kuchokera m'magazi a mayi. Koma akabadwa, BCL11A, itadzutsidwa ndi puloteni yotchedwa KLF1, imakakamira pa DNA pafupi ndi majini a gamma-globin, omwe ndi opangira himogulobini F, n'kuwakhalitsa chete kuti himogulobini ya akuluakulu ilowe m'malo.

Ulemerero wake waukulu uli pa kusakondera, chifukwa ngakhale kwa mwana amene anatengera jini ya matenda a sickle cell kwa makolo onse awiri, amene himogulobini yake ya akuluakulu ndiyo yowonongeka, BCL11A imatsekabe himogulobini F yabwinoyo popanda kuzengereza, kotero kuti pofika miyezi ngati 6 maselo amayamba kupindika ndi kutseka timitsempha, manja ndi mapazi n'kutupa. Kudzichepetsa kwakenso n'kosowa, popeza ngakhale dokotala Janet Watson wa ku New York anazindikira mu 1948 kuti magazi a makanda ali ndi chowateteza, wochotsa chitetezocho sanadzionetsere mpaka 2008, pamene gulu la Stuart Orkin ku Boston linaulula ntchito yake.

Mphotho yake inafika mu 2023, pamene Britain ndi America anavomereza Casgevy, chithandizo chimene chimagwiritsa ntchito njira yodulira DNA yotchedwa CRISPR kuwononga kachigawo kamene puloteni ya GATA1 imakhalapo podzutsa BCL11A m'maselo ofiira, kuti himogulobini F ibwerere. Mtengo wake ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi, ndipo n'zokayikitsa ngati alipo wantchito wina amene anthu anaperekapo chuma chotere kuti angopuma. Kuno ku Africa, kumene kumabadwa ana ambiri a matendawa, BCL11A ikulemekezedwabe poisiya igwire ntchito yake mosasokonezedwa.