Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale M'kati mwa Kompyuta

Makolo athu, amene kompyuta sanaione ngakhale kutulo, anatisiyira mwambi wakuti walira mvula walira matope. Ndipo anthu a ku Lupembe, kumene dzuwa limawamba thonje kufikira mlimi atatopa kuyang'ana kumwamba, koma ikadza mvulayo njira zonse n'kusanduka thope, sasowa wowamasulira. Komatu ndinenetsa kuti amene aulawa mwambiwu kufikira nsenga zake ndi alembi a mapulogalamu a Python.

Pakuti kwa zaka zambiri iwowa anafuula kuti Python 2 imasakaniza malemba ndi mabayiti, kotero kuti kachilembo ka ŵ, kamene timakalemekeza m'dzina la Malaŵi, kankatha kugwetsa pulogalamu yonse ndi mfuu yakuti UnicodeDecodeError. Guido van Rossum, amene anayambitsa Python, ndi anzake anamva kubuula kwawo, natsakamutsa Python 3 mu 2008, ndipo pa 1 January 2020 yakaleyo anaiika m'manda.

Taonani tsono matope ake. Tiyerekeze mlembi amene amasindikiza malisiti a alimi, amene kuyambira kalekale anaika %s pamene pafunika dzina la dera, nagona tulo tabwino. Atasamutsira ntchito yake ku Python 3, ngati dzinalo lafika monga mabayiti osamasulidwa, lisiti lituluka lolembedwa b'Lupembe', ngati kuti dera lathu lalandira ulemu wachilendo umene ngakhale Mfumu Kyungu sanaudziwe. Ndipo pulogalamuyo sidandaula konse, ingosindikiza mwaulemu. Matumba 7 ogawira alimi 2, amene kale ankapatsa aliyense 3, tsopano apatsa 3.5, koma %d wolembera manambala, wantchito wokhulupirika mopitirira muyeso, abisa thekalo nalembabe 3. Nayenso print akana kuyankhula popanda mabulaketi.

Chida cha 2to3, chosamutsira mapulogalamu ku Python 3, chinkakonza print, koma za mabayitizo chinkasamba m'manja, ndipo nachonso anachichotsa mu Python 3.13. Achinyamata adzakuuzani, ndi changu cha otembenuka mtima kumene, kuti mutaye % yense, mutsate format(), kapena f-string imene inadza ndi Python 3.6 mu 2016. Musawathamangire, abale anga. Chizindikiro cha % chikugwirabe ntchito mpaka lero. Yambani mwamasulira mabayiti anu ndi decode pakhomo pomwe alowera, muyese malisiti ndi maina okhala ndi ŵ, zokongoletsazo mudzachite mutakolola.