Mkuyu wa pa Kompyuta

Makolo athu, pamene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ankachenjeza mnyamata wofuna mbeta kuti asakhulupirire maso ake okha. Koma sanalote kuti lidzafika tsiku lakuti munthu adzatsegula studiyo pa Migowi kapena pa Chiringa, nayamba kulandira ndalama kuti azikometsa nkhuyu zotere ndi dzanja lake.

Mfumu ya zida za ntchitoyi ndi Photoshop, imene a Adobe anaitulutsa mu 1990, ndipo mphamvu zake palibe angazitsutse: ifafaniza ziphuphu, isalaza makwinya, ikhozanso kuzula phiri la Michesi kumbuyo kwa mkwati ndi kudzalapo nyumba zosanja za ku Johannesburg, kumene bamboyo sanapondeko chibadwire. Chilema chake ndi chimodzi, koma chachikulu ndithu. Kuyambira mu 2013 siigulidwanso kamodzi n'kukhala yako, ilipiridwa mwezi ndi mwezi monga nyumba ya lendi, pa mtengo wowerengedwa m'madola. Ndipo pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wojambula amene ayembekeza maukwati a nyengo yogulitsa nandolo anakukuta mano.

Mng'ono wa Photoshop, Lightroom wa mu 2007, ndimlemekeza koposa, pakuti iye asamala dongosolo, naika zithunzi m'magulu monga mwa tsiku ndi dzina, kotero kuti mayi wodzafuna chithunzi cha ubatizo wa mwana wake sabwerera ndi cha maliro a eni. Snapseed ya Google ndi yaulere pa foni, ndipo ikwanira wongofuna kuwalitsa chojambulidwa magetsi atazima.

Aliponso ena a pa foni, maina awo ndiwasunga, amene chifundo chawo chipyola muyeso. Ndinaona agogo ena atabwezeredwa khungu la namwali ndi mano amene anaguluka kalekale, mpaka adzukulu, poona chithunzicho pakhoma, anafunsa mwaulemu kuti mlendoyo ngwa kwa yani. Nanga phindu n'lotani, popeza m'chikwama cha agogowo muli chitupa cha unzika cha mu 2017, chimene chithunzi chake sichinyengerera munthu?

Inu ojambula a ku Phalombe, sasani fumbi pa suti, walitsani pamene pali mdima, koma mphuno ndi khungu muzisiye monga anaziumba Chauta, kuti ankhoswe azitha kuzindikira mkwati wawo.