Mpando wa Kalonga ukudikira mlembi wokhala ndi khola

Ku Area 12, kuseri kwa mipanda ya waya wamagetsi, kuli akatswiri a mbiri ya mafumu ochuluka zedi. Inenso ndili m'gulu lomwelo, ngakhale ukatswiri wanga ndi wa ku boyizikota, woonera filimu pazenera la eni. Tifunseni za nkhondo ya banja la York ndi la Lancaster yomwe idayamba mu 1455, tikuuzani mpaka mmene Richard III adafera ku Bosworth mu 1485, ndi mmene mafupa ake adapezekera mu 2012 pansi pa malo oimikapo galimoto ku Leicester. Koma tifunseni za Mankhamba, tiyamba kukanda m'mutu, kuyesa ndi malo odyera atsopano ku City Centre. Chonsecho likulu limeneli la Kalonga, mfumu ya Amaravi, linali pafupi pompa, cha ku Mtakataka, ulendo wa thanki imodzi ya petulo, akapezeka.

Ine ndikuti nkhani ya Amaravi ndi yonona kuposa ya Azunguyi, ndipo chinsinsi chake chili pa kalowedwe ka ufumu. Kwa Aphiri mpando sunkapita kwa mwana wa mfumu. Unkatsata kuchikazi, ndipo mayi wa mafumu anali Nyangu. Ndiye mbiri yapakamwa ikamati Undi, atamanidwa Ukalonga, adanyamuka ulendo wa ku Mano atatenga Nyangu, ikutiuza nzeru imene a York sadailotepo: m'malo molimbirana nsima ya m'mbale, mkuluyu adasenza nkhokwe yonse. Onjezanipo Mzura, amene mu 1622 adabwereka mfuti za Apwitikizi kuti agonjetse Lundu wa kuchigwa cha Shire, posakhalitsa n'kuwatembenukira eni mfutiwo. Kabwezedwe ka ngongole kameneka, ife amene timazemba akatapila kumapeto kwa mwezi timakamvetsa bwino.

Ena ati buku la nthano pa nkhaniyi silingatheke chifukwa zolembedwa n'zochepa, zaka sizidziwika bwino, ndipo akadaulo amatsutsanabe ngati Mzurayo anali Kalonga weniweni. Zoona, koma wolemba nthano amadyera pomwe pali mpata pomwepo. Shakespeare adalemba za Richard patadutsa zaka zoposa 100, mu ulamuliro wa mdzukulu wa munthu amene adamugonjetsa, ndipo palibe adamufunsa lisiti. Komanso sitili chimanjamanja. Samuel Ntara adatisiyira Mbiri ya Achewa, ndipo Steve Chimombo adaonetsa mu The Rainmaker kuti Mbona atha kukwera pa siteji dziko osagwa.

Chodandaula chachiwiri ndiye chili ndi mano. Richard alibe mkulu wa mbumba woti akuitanireni ku bwalo. Koma Gawa Undi alipo ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a maiko atatu amakachita mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, ndipo Lundu ali phee ku Chikwawa. Kulemba kuti agogo a uje adathirira mnzawo mankhwala m'chipanda cha mowa, ngakhale mutati n'zopeka, n'kudziitanira mlandu wa mbuzi, mwinanso ng'ombe. Komabe zimenezi sizikupha bukulo, zikungotchula mtengo wake, ndipo mlandu wa mbuzi wakhala ukutha ndi mbuzi chiyambire makolo. Wofunika ndi mlembi waulemu, wolimba mtima, wokhala ndi khola. Ulemu ndili nawo. Koma kuno ku Area 12 landilodi salola ngakhale nkhuku.