Ulemu kwa Kabowo Kosadontha

Mbava zonse za mu Lusaka zikanakhala ndi khalidwe la kabowo ka papaipi ya nthunzi ya petulo, bwenzi agalu a ku Matero akugona tulo tofa nato. Iko sikathyola loko ndipo sikasiya ngakhale dontho pansi. Kamadikira petulo asanduke mpweya, galimoto itaima phee padzuwa la Okutobala, n'kumatapa pang'onopang'ono. Pochoka kamasiya fungo, kuopa mungati sikanatsanzike.

Taonani mdani amene kamalimbana naye. Opanga magalimoto anaika kachitini kodzaza makala kuti kazigwira nthunzi yochokera m'thanki. Injini ikatentha, kavalavu kamatseguka, nthunziyo n'kukapsa pamodzi ndi mafuta ena. Makala m'galimoto! Ife a ku Chawama timayesa ntchito yawo imathera pambaula. Nzeru zonsezi zimadalira kuti pasakhale popumira, ndiye kabowo kathu kamazigwetsa kali kokhakokha.

Ku America kamapatsidwa ulemu wake. Malamulo a OBD-II, amene anayamba ndi magalimoto a 1996, anachititsa kuti galimoto izidzipima yokha, moti bowo la milimita imodzi limayatsa nyali ya check engine. Kali ndi manambala akeake pakompyuta: P0455 kakakula, P0442 kakachepa, P0456 kakachepetsetsa. Kuno ma Corolla ndi ma Vitz ambiri olowera pa Nakonde kuchokera ku Japan sadzipima chotero. Wopima wathu ndi mayi wa pampando wakumbuyo, atatseka mphuno ndi chitenje: "Ba draiva, motoka yanu inunkha petulo."

Koma chimene ndimakatamandira kwambiri n'chakuti kamadyetsa mabanja. Makaniko wapansi pa mtengo ku George atsitsa thanki, asintha pampu, asinthanso mapulagi poti afika kale. Mnyamata wake athamangira ku Lumumba Road kukasaka valavu yakale. Wogulitsa wadya, mnyamata wadya, mwini galimoto walipira, fungo lili pompo. Galaja yokhala ndi makina a utsi ndiyo imaononga malonda. Amapopera utsi m'mapaipi, wina n'kugona chagada ndi tochi, ndipo posachedwa kautsi kowonda kayamba kufuka pamng'alu wa paipi youma kumbuyo kwa thanki. Wopanda makina amapaka madzi a sopo, kuuzira mpweya pang'ono, n'kudikira thovu. Zida zamwano zimenezi, zovula mkulu pagulu.

Abwenzi kali nawo ambiri. Makoswe amatafuna mapaipi usiku. Madzi osefukira a ku Kanyama amasiya dzimbiri pakhosi la thanki. Ndiye pali dalaivala uja amene pampu ikadula yokha amagwedeza galimoto kuti mulowe wina, mpaka petulo kusefukira m'kachitini ka makala n'kukaononga. Bungwe loona za mitengo ya mafuta la ERB likalengeza mtengo watsopano anthu amalira, koma kabowo sikadandaula, kamangotenga gawo lake mwamasiku onse.

Kudzichepetsa kwake nako! Nthawi zambiri kamakhala poyera, pamphira yong'aluka ya chivindikiro cha thanki, pamene dzanja limagwira tsiku lililonse pothira mafuta. Chivindikiro ndicho choyenera kuonedwa poyamba, komanso chotchipa kuposa zonse, n'chifukwa chake chimaonedwa pomaliza. Ena chikatayika amamangapo pulasitiki ndi lamba wa chubu, ndipo kabowo kamakwezedwa pantchito kukhala khomo.