Mkangano wa Njinga pa Tebulo la ku Lille

Imani nane apa pambali pa kangolo ka tchipisi aka, musafulumire. Muno ndi mu Lille, kumpoto kwa France, ndipo lero ndi Lachisanu pa 4 Julayi 2025. Mawa mpikisano wa njinga wa Tour de France ukuyambira mumzinda uno, ndiye tawuni yonse yapenga ndi chikasu, mtundu wa jezi imene amavala wotsogola mpikisanowu. Timbendera tachikasu m'mwamba, njinga zakale zopakidwa penti wachikasu m'mawindo a masitolo, mpaka galu wa mayi akudutsa uyo am'manga kansalu kachikasu m'khosi. Koma zimene ndikufuna muone zili pa tebulo ilo, kunja kwa lesitilanti.

Pakhala madala ena ake a chipewa chofwifwa, atambasula nyuzipepala ya L'Équipe pa tsamba la mapu. Ngodya imodzi aipsinja ndi kapu ya khofi, ina ndi chigongono, chifukwa kamphepo ka kuno sikaona nkhope. Chala chawo chachoka pa Lille, chafika kunyanja ku Boulogne-sur-Mer ndi Dunkerque, chatsetsereka ku Normandy ndi Brittany, kenako chalumphira kumwera kumapiri. Akuwerengera aliyense wofuna kumva: ndime 21, makilomita opitirira 3,300, masiku opuma awiri okha, ndipo chaka chino njinga sizituluka m'dziko la France ngakhale tsiku limodzi.

Woyamba kugwa m'nkhaniyi ndi bambo wa ku Belgium amene wakhala pa tebulo loyandikana ndi mayi akunyumba kwake. Malire a dziko lawo ali pafupi, atsika sitima m'mawa womwe uno. Bamboyo wavala jezi ya timu ya Soudal Quick-Step imene yam'thina pamimba, ndipo wakoka mpando osapempha.

“Pepani madala, chala chanu chadutsa pa Caen mothamanga. Tabwererani. Ndime yachisanu imeneyo, makilomita 33, aliyense payekha kulimbana ndi wotchi. Pamenepo mwana wathu Remco Evenepoel alibe mnzake. Mendulo ziwiri zagolide ku Olympics ku Paris chaka chatha, mwaiwala?”

Mayi aja sanadzutse n'komwe maso pa mbale ya tchipisi. “Inu, chaka chathanso munkalankhula chonchi. Mwanayo anathera pa nambala 3.”

“Ndiye nambala 3 ndi pochepa?”

“Sindinati ndi pochepa. Koma mu Disembala anawomba chitseko cha galimoto ya positi akuchita masewera okonzekera, anakhala miyezi osapikisana. M'siyeni mwana apume.”

Madala aja angogwedeza mutu, nagogoda tebulo ndi chala katatu. Dzina lawo ndi limodzi basi: Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Anapambana mu 2020, mu 2021 ndi mu 2024. Chaka chathachi anatenga ndime 6 yekha, n'kusiya wachiwiri ndi mphindi zoposa 6, atatenga kale mpikisano wa Giro d'Italia chaka chomwecho. Mwezi watha wapambananso Critérium du Dauphiné, mpikisano umene akatswiriwa amayesera miyendo Tour isanayambe. “Mnyamata ameneyu ndi katundu,” akutero madala. “Amapalasa akumwetulira anzake malilime ali panja.”

Apa taonani mtsikana woperekera zakumwa. Wabwera kudzatola makapu, koma waika thireyi pansi, wapukuta manja pa epuloni, waweramira pamapu paja. Zikuoneka kuti wakhala akumvetsera kuyambira kale.

“Agogo, taonani mapiri amene asankha chaka chino.” Akuloza ndi chikhadabo chopaka zofiira. “Hautacam apa, ndime ya 12. Mu 2022 Jonas Vingegaard anam'siya Pogačar wanuyo pomwepa. Mont Ventoux apa, ndime ya 16. Mu 2021 anam'thawa pachitunda chomwechi. Nanga apa, Col de la Loze, mamita 2,304 kutalika. Mu 2023 Pogačar anathera pamenepa, mpaka anauza anzake pawailesi kuti wafa. Onse atatu ali m'njira ya chaka chino.”

“Mwanawe, zimenezo n'zakale.”

“Mapiri sakalamba, agogo. Ndipo Jonas chaka chatha anabwera atangochira kumene, atathyoka nthiti pangozi ya ku Spain mu Epulo, koma anakhalabe wachiwiri.”

Wanyamula thireyi yake n'kulowa mkati akupukusa mutu. Bambo wa ku Belgium waseka mpaka jezi yakwera m'mwamba, mkazi wake waikokera pansi osayang'ana.

Amene wandikoka mtima kwambiri ndi uyu waima chapatali, phazi limodzi pansi lina pa pedulo. Ndi mnyamata wa ntchito yoperekera zakudya m'makomo, chibokosi chili kumsana, foni yamangidwa pa handulo. Pa chibokosicho wamatapo kambendera ka Eritrea. Oda yake ikuchedwa kukhitchini, ndiye wasendera pang'onopang'ono mpaka tayala lakutsogolo lagunda mwendo wa tebulo.

“Bigi, nonsenu mukukamba za sabata yachitatu. Mawa bwanji?”

Onse atembenuka. Mnyamatayo akufotokoza mofatsa, dzanja likusisita buleki. Ndime ya mawa ndi ya makilomita pafupifupi 185, kuchoka mu Lille kubwereranso mu Lille, ndipo malo ake ambiri ndi athyathyathya. Ndiye kuti jezi yachikasu yoyamba igwera munthu waliwiro, wa gulu lija lothamangitsana m'mamita omaliza. Alipo Jasper Philipsen ndi Tim Merlier a ku Belgium, alipo Jonathan Milan wa ku Italy. Koma aliponso Biniam Girmay, mwana wa ku Asmara. Chaka chatha ku Turin anakhala munthu wakuda woyamba wa ku Africa kupambana ndime ya Tour, anawonjezera zina ziwiri, n'kupita kwawo ndi jezi yobiriwira ya wamapointi ambiri. “Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wakwathu anavalapo ya madontho ofiira, ya mfumu ya mapiri. Yatsala yachikasu.”

Bambo wa ku Belgium wavula magalasi, wam'yang'anitsitsa, kenako wam'patsa dzanja. “Bini timam'dziwa, aise. Anapambana Gent-Wevelgem mu 2022 pakhomo pathu penipeni, ndipo timu yake ya Intermarché-Wanty ndi yakwathu. Akapambana mawa ndimwa ndithu, koma Philipsen akapambana ndimwa kawiri.”

Chimene chimandisangalatsa pa mpikisano uwu ndi chimenechi. Pa anthu 184 amene anyamuke mawa, m'matimu 23 a anthu 8, amene angalotedi zofika ku Paris atavala chikasu sakwana dzanja limodzi. Komabe aliyense pa tebulo ili wapeza tsiku lake pamapu ndipo waligwiritsitsa: uyu Caen, uyo Col de la Loze, winayu mawa lomweli. Ndipo ambiri mwa opalasawo sadzatchulidwa pa tebulo lililonse. Ntchito yawo ndi kubwerera kugalimoto kukatenga mabotolo a madzi, kuwalonga m'jezi, n'kukhala kutsogolo kutchinga mphepo kuti mtsogoleri wawo asunge mphamvu kumbuyo. Wakabaza aliyense wa ku Salima akhoza kukuuzani kuti mphepo yakumaso imatopetsa kuposa katundu. Kuno kumpoto ikawomba cham'mbali imadula gulu pakati, ndipo shasha amene wagona tulo kumbuyo akhoza kutaya mphindi tsiku loyamba, asanaone phiri ndi limodzi lomwe.

Foni ya mnyamata uja yalira. Walandira phukusi, waliika m'chibokosi, ndipo asananyamuke wafunsa funso limene enafe tinaliopa. “Nanga inu madala, a ku France, wanu ndani?”

Madala akhala chete kanthawi. Chala chabwerera ku Brittany, chaima. Kumeneko ndi kwawo kwa Bernard Hinault, amene anapambana Tour kasanu, komaliza mu 1985. Chichokereni chaka chimenecho palibe Mfalansa amene wapambananso, zaka 40 tsopano. “Ndinali mnyamata ngati iwe, ndinaima m'mbali mwa msewu kum'kuwira,” akutero. “Chaka chino ndingopempha ndime imodzi. Pa 14 Julayi, tsiku la dziko lathu, akathera ku Mont-Dore. Mwana wathu mmodzi angondipambanira imeneyo.”

Mnyamatayo wawagwira paphewa, wakankha njinga, walowa pakati pa anthu akuliza belu. Mayi a ku Belgium asunthira mbale ya tchipisi kwa madala, ndipo madala atengapo ziwiri.

Mpikisano udzatha pa 27 Julayi ku Paris, ndipo ulendo uno asanamalize pa Champs-Élysées adzakwera chitunda cha miyala cha Montmartre katatu. Ine ndikuona kuti madala akunena zoona, Pogačar ndi wovuta kum'gwetsa. Koma inu amene muli ndi kanema, mawa musadikire za mapiri. Khalani pansi pa makilomita 10 omaliza, ndipo maso anu akhale pa Girmay.