Ulemu kwa Chipolopolo Chophonya

Anthu amatamanda mvula yoyamba, mkango, ndi apongozi amene akabwera kudzacheza sachedwa kubwerera kwawo. Ine ndavulira chipewa wamkulu wina amene amatukwanidwa pakati pa usiku m'zinenero zonse za pansi pano: chipolopolo chimene chimaphonya kompyuta italonjeza kuti mwayi wolasa mdani ndi 95 peresenti.

Kwa amene simunalaweko, pali magemu amene munthu umalamula kagulu ka asilikali osankhika, anayi kapena asanu ndi mmodzi, onyamula mfuti zamakono ndi mabomba m'chiuno. Nkhondo yake ndi yaulemu zedi, yopatsana mpata ngati bawo. Iwe ukusuntha anthu ako, mdani ali chiimire kukudikira. Ukhoza kupita kukatereka tiyi, sathawa. Ukatha, naye amasuntha ake iwe uli manja lende. Julian Gollop wa ku Britain ndi m'bale wake Nick ndiwo adatchukitsa mtundu umenewu ndi UFO: Enemy Unknown mu 1994, ndipo kampani ya Firaxis idauukitsa mu 2012 ndi XCOM: Enemy Unknown. M'menemo msilikali asanaombere pamaoneka nambala yokuuza mwayi wako. Pamenepo ndiye pakhomo pa amfumu athuwa.

Ndidakumana nawo maso ndi maso usiku wina. Gemuyo imalola kupatsa asilikali maina, ndiye mmodzi ndidamutcha dzina la mlamu wanga. Ndidamulera bwino mlamuyo, nkhondo ndi nkhondo, mpaka adafika pa Colonel. Tsikulo ndidamuthamangitsa kukaima pamphuno penipeni pa mdani, chifefe m'manja. Nambala idati 95. Ndidadina ndikumwetulira. Kamera idayandikira monga ichitira m'mafilimu, mfuti idalira, ndipo amfumu adatuluka mwaulemu wawo, nalambalala mdaniyo ngati munthu amene ali naye ngongole, nakaswa zenera la nyumba yosalakwa. Ngakhale agogo ndi gogodela wawo, maso atachita kale chidima, sakadaphonya pamenepo. Mpata wa mdani utafika, mlamu adagwa chagada. Dzina lake lidakalembedwa pakhoma la chikumbutso, zitoliro za ku Scotland zikulira chapansipansi. M'mawa ndidakumana ndi mlamu weniweni ali kutsuka galimoto, ndipo ndidamupatsa moni wautali kuposa masiku onse.

Poyamba ndidatukwana, sindibisa. Koma nditakhala pansi ndidaona kuti m'gemu monsemo wonena zoona ndi chipolopolo chokhachi. Kodi 95 pa 100 si ndiye kuti kamodzi pa maulendo 20 uphonya? Ukaombera ka 20 motsatizana ndi mwayi umenewo, mpata woti usaphonye ndi kamodzi komwe ndi pafupifupi 36 peresenti yokha. Aphunzitsi a masamu adayesa kundiuza zotere ndi choko ndi ndodo, osalowa. Amfumu adandiphunzitsa usiku umodzi, ndipo fizi yake idali mlamu mmodzi basi. Ife tikamva 95 mtima umawerenga 100. Maulendo 19 amene chidalasa timawaiwala ngati nsima ya dzana, kamodzi kaja timakasunga mpaka imvi.

Ndiponso amfumuwa ndi a mawu amodzi. Ndidabwerera pamene ndidasunga gemu kuti ndiyambirenso, poganiza kuti tsoka lidali la ulendo umodzi. Ndidadina, chidaphonya. Kachitatu, zenera lomwelo. Opanga XCOM ya 2012 adakonza kuti mndandanda wa maere usungidwe pamodzi ndi gemuyo, kotero ukabwereza zomwezo m'ndondomeko yomweyo umakolola zomwezo. Ndiuzeni wandale mmodzi amene mungamufunse katatu n'kuyankha chimodzimodzi.

Koma chifundo chake chachikulu ndi ichi: chimasenza mlandu wa eni ake. Pabawo palibe maere. Akakudya nkhomo zonse, anthu ozungulira aja amadziwa kuti vuto lili m'mutu mwako, ndipo umanyamuka wopanda chonena. Kuno ayi. Ndani adatuma Colonel kuchoka kuseri kwa khoma kukaima poyera? Ndani adali ndi bomba la m'manja, limene siliphonya, n'kuliumira kuti ligwire ntchito mawa? Ndani sadasiye msilikali wachiwiri woti amalize ntchito zikavuta? Mafunso onsewa amfumu amawameza okha, osadandaula. Ine ndimangoti tsoka silinunkha, n'kukagona ndili katswiri wa nkhondo.

N'zomvetsa chisoni kuti opanga magemu ena amachita nawo manyazi amfumuwa. Mu XCOM 2 ya 2016, ukasewera pa milingo yosavuta, gemuyo imakuwonjezera mwayi mobisa, makamaka ukaphonya motsatizana, ngati mayi wopatsa mwana nyama kuseri kwa alendo. Ngakhale atathandizidwa chotero, anthu amalirabe kuti kompyuta ikubera. Jagged Alliance 3 ya 2023, yopangidwa ndi Haemimont Games ya ku Bulgaria, idangobisa nambalayo: asilikali ako aganyu m'dziko lopeka la Grand Chien amaombera mwa chikhulupiriro, ndipo akaphonya ulibe chiwerengero choloza chala. Phantom Doctrine ya 2018, ya akazitape a nthawi ya Cold War, ndiyo idachita zoopsa: idachotseratu maere pa kulasa, n'kusiya kuti kukula kwa bala kudalire mtunda, pobisala ndi kuchenjera kwa mdani. Ndidaiyesa. Ndidagonja bwinobwino, ndipo nditayang'ana uku ndi uku kufuna womunamizira ndidangodziona ndekha pagalasi la kompyuta.

Nanga nkhani tikadazitenga kuti? Palibe amene adaitanapo mnzake kuti amve za tsiku limene 95 idalasa. Nkhani zonse zokoma za magemuwa zimayamba ndi kuphonya: katswiri waphonya, gulu labalalika, wina wagwidwa ndi mantha n'kuyamba kuombera anzake, kenaka kamsilikali katsopano kamene sunakapatse n'dzina lomwe kaombera ndi mwayi wa 20 peresenti kuchokera kutsidya la msewu, mdani n'kugwa. Pamenepo palibe amene amati kompyuta yabera. Timati ndi nzeru za mtsogoleri.

Kamsilikali kotero ndili nako tsopano. Ndakapatsa dzina la apongozi, kakwera kale maudindo awiri, ndipo usiku uno kaima kuseri kwa galimoto yopsa, mdani ali masitepe atatu. Nambala ikuti 97. Bomba lilipo m'chiuno, koma ndikulisungira mawa.