Atambala awiri pamaliro a azakhali

Ndinakula ndikukhulupirira kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Sabata yatha, pamaliro a azakhali ku Lilongwe, ndinawamva akulira onse awiri, khola osagwa.

Malemu anali a CCAP, ana awonso a CCAP. Funso linali lakuti CCAP yake iti. Azakhali anakwatiwa ku Ekwendeni n'kulowa Umanyano wa Sinodi ya Livingstonia, pomwe mwana wawo wamkazi ndi wa Chigwirizano cha Nkhoma. Usiku kusiwa panalibe vuto. Amayi a mbali zonse anasenza nkhuni limodzi, anavundula nsima ndi mthiko umodzi, ndipo palibe anafunsa ngati nyemba zinali za sinodi iti. Kutacha anatulukira abusa awiri, aliyense ndi Baibulo kukhwapa. Mkeka womwe usiku unali umodzi unangogawikana pakati, wopanda woulamula. Akulu a mpingo anakathera ola lathunthu kuseri kwa nyumba akunong'onezana za woyendetsa mwambo.

Nkhaniyi ndi yakale kuposa agogo. Livingstonia inabwera ndi Asikoti a Robert Laws mu 1875, Nkhoma ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa omwe anayamba ku Mvera mu 1889. Mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre zinapanga CCAP, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Mpingo umodzi, koma malire anatsala, ndipo kukangana kwake kunakula cha ku Dwangwa. Pamapeto pake Livingstonia inamanga matchalitchi ku Lilongwe, Nkhoma nayo ku Mzuzu.

Ine ndimaumvera chisoni mtsinje wa Dwangwa. Umangoyenda zake kudutsa m'minda ya nzimbe kupita kunyanja, osadziwa kuti unasenzetsedwa udindo wosiyanitsa Akhristu. Ng'ona ya mmenemo sifunsa kalata ya mpingo. Munthu akawoloka mlatho paminibasi, ubatizo wake uthera pati, kutsidya kuno kapena pakati pa mlatho? Nanga minibasi ikafera pamlathopo, Lamulungu akapemphere kuti? Kondakitala, ndikhulupirira, angamulipiritse mbali zonse ziwiri.

Kuseka ndinasiya pamene msuweni wanga, maso ali psuu, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati amayi ake sakhumudwa akapemphereredwa ndi abusa a Nkhoma. Usiku wonse funso limeneli analibe. Analitola m'mawa, ataona akuluakulu akukokana.

Anagwirizana kuti alalikire onse. Woyamba anatenga mphindi makumi anayi, wachiwiri sanafune kuchepa. Nyimbo ina inayambika mu Chitumbuka n'kutsirizika mu Chichewa, mayimbidwe ali amodzimodzi. Adzukulu kumanda anatumiza mnyamata kawiri kudzanena kuti mvula ikubwera. Pobwerera tinapeza nsima itauma gwa, ndipo amayi a Umanyano ndi a Chigwirizano anakhala pansi pa mtengo wa mango, akudandaula abusa onse awiri.